ZIDINDO ZA PA MFUTI YA GOGODELA ZIMAULULA KWAO NDI MTENGO WACE

M'midzi yambiri ya m'Cigawo ca Kum'mawa, makamaka m'cigwa ca Luangwa, mukali kupezeka mfuti za gogodela zimene makolo anasiyira ana ao. Zina zinapacikidwa kudenga ndipo zada bii ndi mwaye. Zina zimatulutsidwa pa nthawi ya mwambo cabe. Eni ace ambiri sadziwa kuti pa citsulo ca mfuti zotere pali timalemba ndi tizithunzi tonena dziko kumene mfutiyo inacokera, msinkhu wace, ndiponso ngati iri ya mtengo wapatali kapena ai. Cifukwa ca kusadziwa kumeneku, ena amapala zidindozo ndi mcenga pofuna kuti mfuti iwale, ndipo ena amagulitsa cuma ca banja pa mtengo wa nkhuku.

Mfuti zambiri zotere zinalowa m'dziko muno m'zaka za m'ma 1800. Zina zinadza ndi Acikunda ndi amalonda Acipwitikizi ocokera ku Tete ndi ku Zumbo, zina ndi Ayao ndi Aswahili ocokera ca kunyanja, ndipo anali kuzisinthanitsa ndi minyanga ya njobvu ndi akapolo. Mu 1890 maiko a ku Ulaya anapangana mu mzinda wa Brussels kucepetsa malonda a mfuti zamakono m'mbali yaikulu ya Africa, koma analola mfuti zoyatsira ndi mwala pamodzi ndi onga wace. Motero gogodela anapitirira kupangidwa ndi kugulitsidwa kuno ngakhale m'zaka za m'ma 1900. Ici ndico cifukwa cace si mfuti iriyonse yothirira onga kukamwa imene iri yakale kwambiri.

Cinthu coyamba cimene wodziwa amayang'ana ndi njira yoyatsira onga. Mfuti yokhala ndi kanyundo kolumira mwala wa moto ndi ya mpangidwe wakale. Ija imene kanyundo kace kamamenya kacipewa kamkuwa kochedwa fataki ndi ya mpangidwe umene unayamba kufala m'zaka za m'ma 1820 ndi 1830.

Caciwiri, ndipo cacikulu kopambana, ndi zidindo za oyesa mfuti. Ku Ulaya paipi ya mfuti inali kutumizidwa ku nyumba yoyesera isanagulitsidwe. Kumeneko anali kuithira onga wopitirira muyeso ndi kuiwombera. Ikapanda kuphulika anali kuidinda. Zidindozi zimakhala ca kumbuyo kwa paipi, ndipo pa mfuti ya mapaipi awiri yowombera mbalame zimabisika kunsi, kotero kuti zimaoneka pokhapo mapaipiwo atacotsedwa pa thabwa lace.

Nyumba yoyesera ya ku Birmingham, ku England, inakhazikitsidwa ndi lamulo mu 1813. Cidindo cace kufikira 1904 cinali ndodo ziwiri zacifumu zopingasana, korona pamwamba, ndi malemba B, P ndi C. Cinzace cinali ndi lemba V, kusonyeza kuti paipiyo anaipendanso ataiwombera. Ca ku London ndi korona wokhala pamwamba pa malemba GP, ndi korona wina pamwamba pa V. Ca ku Liège, mzinda wa ku Belgium umene unatumiza mfuti zocuruka ku Africa, ndi malemba E, L, G ndi kanyenyezi m'kati mwa mzere wozungulira ngati dzira. Korona pamwamba pa dziralo anamuwonjezera mu 1893, cotero mfuti yokhala naye siingakhale yakale kuposa caka cimeneco.

Pambali pa zidindozi kawirikawiri pamakhala nambala, monga 12, 14 kapena 25. Anthu ena amaiyesa caka kapena nambala ya mfuti, koma iyo imanena kukula kwa bowo la paipi. Nambala 12 itanthauza kuti zipolopolo 12 za mtovu zokwana bwino m'bowomo zimalemera paundi imodzi, ndiye kuti magalamu 454. Nambala ikakula, bowo limacepa.

Dzina lochuka kopambana pa mfuti za m'midzi ndi TOWER, lolembedwa pa citsulo ca m'mbali pamene pali kanyundo. Dzinali licokera ku Tower of London, kumene boma la Britain linali kusungira zida. Pa mfuti yeniyeni ya asilikali pamakhalanso korona ndi malemba GR, oimira mfumu George, kapena VR, oimira Mfumukazi Victoria imene inalamula kucokera mu 1837 kufikira 1901. Pamakhalanso kamubvi kakang'ono kosonyeza kuti ndi katundu wa boma, ndipo mibvi iwiri yoyang'anizana imasonyeza kuti boma linaigulitsa itatha nchito yace. Koma amalonda anaona kuti ogula a kuno anali kukonda dzinali, nayamba kulidinda pa mfuti zao zochipa. Conco TOWER payekha satsimikiza kanthu. Ayenera kubvomerezana ndi zidindo za pa paipi.

Cinyengo comweco cinali kucitika ndi maina a amisiri. Pa mfuti ya mapaipi awiri, dzina la wopanga limalembedwa pa citsulo ca pakati pa mapaipiwo. Maina monga Purdey wa ku London, kampani imene inayamba mu 1814, kapena Westley Richards wa ku Birmingham, ya mu 1812, amakweza mtengo kwambiri. Koma mafakitale ena a ku Belgium anali kulemba maina ofanana nao, monga W. Richards, pa mfuti wamba. Ngati pamwamba palembedwa London koma kunsi kuli ELG, paipiyo inayesedwa ku Liège, ndipo cidindo ca oyesa ndico coyenera kukhulupirira.

Ziripo mfuti zina zopanda cidindo ciriconse, zosulidwa kapena kukonzedwa ndi amisiri a m'midzi. Zotere amalonda sazipatsa mtengo waukulu, koma kwa osunga mbiri ndi umboni wa luso la osula a dziko lino. Waya wokulungidwa pa thabwa losweka, cikopa ca nyama comangira, ndi misomali yamkuwa yokongoletsera, zonsezi ndi mbali ya mbiri ya mfutiyo ndipo siziyenera kucotsedwa.

Mtengo wa mfuti yakale umacokera pa zinthu zinai: dzina lenileni la wopanga, kusowa kwa mtundu wace, kukhalapo kwa ziwalo zace zoyamba, ndi mbiri yodziwika ya eni ace. Mfuti yopalidwa kufikira zidindo zitafafanizika yataya umboni wace wonse. Cofunika ndi kuipukuta ndi nsalu ya mafuta pang'ono, kuisunga pouma, ndi kulemba pa pepala zimene akulu akukumbukira: anaigula ndani, kuti, ndipo inagwira nchito yotani.

Asanaigwire kuti afune zidindo, mwini ayenera kudziwa kuti onga wakuda umakhalabe wamoyo zaka zambirimbiri. Alowetse ndodo yosindira onga m'paipi, aike cizindikiro pamene yalekera, kenaka aiyeze kunja kwa paipi. Ngati siifika pamalo poyatsira, m'katimo muli kanthu, ndipo mfutiyo isaloze munthu kapena kuyandikira moto. Onga wa m'zipolopolo za makono uli ndi mphamvu imene paipi yakale siingapirire. Wouthiramo akhoza kutaya dzanja, maso kapena moyo.

Pomaliza pali lamulo. Kusunga ndi kugulitsa mfuti m'Zambia kumayendera Firearms Act, motero wofuna kutero ayambe wafunsa ku polisi za laisensi. Ndiponso lamulo la mu 1989 limene linakhazikitsa National Heritage Conservation Commission linaletsa kutulutsa m'dziko popanda cilolezo zinthu za mbiri zakale kuposa caka ca 1924. Mlendo akafika pamudzi ndi ndalama m'manja, banja lisafulumire. Lijambule zidindo zonse ndi kufunsa akatswiri a ku nyumba zosungiramo zakale, monga Livingstone Museum kapena Lusaka National Museum, lisanalole kuti mfuti ya agogo icoke pakhomo.