Namwino amene amaphunzitsa anamwino anzake

Achinyamata ambiri m'makalabu athu akamva za unamwino amangoganiza za jakisoni ndi yunifolomu yoyera. Kodi mudadzifunsapo kuti namwinoyo adamuphunzitsa ndani? Nanga uthenga wa zaumoyo umene umafika pa foni yanu, amaonetsetsa kuti ndi woona ndani?

Alipo anamwino ena amene akagwira ntchito m'chipatala kwa zaka zingapo amabwerera kusukulu, n'kukhala aphunzitsi ndi ochita kafukufuku. Mmodzi mwa iwo ndi Pulofesa Address Malata. Mayiwa ndi namwino komanso mzamba. Adachita maphunziro aukachenjede ku Australia, adatsogolera sukulu ya Kamuzu College of Nursing, ndipo mu 2016 adasankhidwa kukhala mkulu woyendetsa yunivesite ya MUST ku Thyolo. Adali mayi woyamba kuyendetsa yunivesite ya boma m'Malawi muno. Sukulu ya anamwino ija idaphatikizana ndi College of Medicine, ndipo kuyambira 2021 zonse ziwiri ndi yunivesite imodzi ya KUHeS.

Ntchito ya aphunzitsi otere yakula chifukwa cha makompyuta ndi mafoni. M'zipatala zambiri zopereka ma ARV, mbiri ya wodwala imasungidwa pa kompyuta: tsiku limene adalandira mankhwala, sikelo yake, ndi tsiku lobweranso. Munthu akadumpha tsiku lake, azachipatala amadziwa msanga n'kumufunafuna asanadwalike. Koma kompyuta siidziwa manyazi. Namwino ayenera kuphunzitsidwa kuti zimene waona pamenepo ndi chinsinsi, ngakhale dzinalo litakhala la mwana wa mnansi wake. Wachinyamata akangomva kuti nkhani yake yafika pa chigayo, kuchipatalako sapondakonso, ndipo mankhwala amasiya.

Chitsanzo china ndi Chipatala Cha Pa Foni, chimene chidayamba ku Balaka mu 2011 pothandiza amayi oyembekezera ndi ana, kenaka n'kufalikira m'maboma onse. Kulangiza munthu amene sukumuona si chinthu chapafupi. Woyankha foni ayenera kudziwa mafunso oti afunse, komanso nthawi yonena kuti, "Musachedwe, pitani kuchipatala lero lomwe." Luso limeneli limachita kuphunzitsidwa.

Kwa inu amene muli ku sekondale, njira yake imayambira pa MSCE. Limbikirani Biology, Masamu, Chingerezi ndi maphunziro ena a sayansi. Mukamaliza kusukulu ya unamwino, mumalemba mayeso a bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi kuti mupeze chiphaso chogwirira ntchito. Anyamata nawonso amaloledwa, musanamizane kuti ndi ntchito ya atsikana okha.