MPANDA WA MALUWA WOSALIRA NDALAMA

Mlimi amene amamanga mpanda wa udzu amadziwa kuti ntchitoyi siitha. Chaka ndi chaka chiswe chimadya mitengo, mphepo imagwetsa udzu, ndipo mbuzi zimalowa n'kudya ndiwo zamasamba za kuseri kwa nyumba. Mitengo yomangira nayo ikusowa. Nanga bwanji osabzala mpanda wamoyo?

Bougainvillea ndi chitsamba chija chokhala ndi minga, chimene chimafiira m'chilimwe pamene zomera zina zauma. Kwawo ndi ku South America. Azungu a ku France anachipeza ku Brazil pa ulendo wa panyanja wa 1766 mpaka 1769, ndipo anachitcha dzina la mtsogoleri wa ulendowo, Louis Antoine de Bougainville. Zofiira zimene timaziona patali ndi masamba chabe. Duwa lenileni ndi kanthu kakang'ono koyera kamene kali pakati pake.

KUDULIRA

Chitsambachi chimachita maluwa pa nthambi zatsopano. Mukachilekerera chimangotalika, kunsi n'kuyera, mbuzi n'kumadutsa. Nthawi yabwino yodulira ndi pamene maluwa ayoyoka, mvula ili pafupi kuyamba.

Yambani ndi nthambi zouma ndi zopingasana. Kenaka fupikitsani zazitali, koma musachotse zopitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a chitsamba chonse. Dulani mopendeketsa, pamwamba pang'ono pa mfundo, ndi mpeni wakuthwa. Chikwanje chobuntha chimang'amba khungwa ndipo nthambi imaola. Chenjerani ndi minga, ndipo musasiye nthambi zodula pa njira imene ana amadutsa opanda nsapato.

KUFESA NTHAMBI

Nthambi zimene mwadulazo ndiyo mbewu yanu. Amene amabzala chinangwa sangaone chachilendo.

1. Sankhani nthambi zokhwima pang'ono, zonenepa ngati pensulo. Nsonga zanthete zimafota msanga.
2. Dulani timitengo totalika masentimita 15 mpaka 20, kalikonse kokhala ndi mfundo zitatu kapena zinayi. Kunsi dulani pansi penipeni pa mfundo, chifukwa mizu imatulukira pamenepo.
3. Chotsani maluwa ndi masamba akunsi. Siyani awiri okha pamwamba.
4. Sakanizani mchenga wa kumtsinje ndi dothi la manyowa owolerana, muyezo wofanana, ndipo thirani m'machubu kapena m'zitini zoboola pansi.
5. Boolani ndi kamtengo kena, lowetsani theka la kamtengo kanu, tsinderani ndi zala. Musazondotse: mbali imene inali kunsi ikhale kunsi.
6. Ikani pa mthunzi wa chisakasa cha udzu. Dothi likhale lonyowa, koma madzi asadikhe.

Mizu imatenga masabata asanu ndi limodzi mpaka khumi. Musazule kuti muone ngati yatuluka. Masamba oyamba akaphuka sindiye kuti mizu yagwira; dikirani kufikira nthambi zatsopano zitayamba kutalika. Si timitengo tonse timene timagwira, choncho mukafuna mbande makumi awiri, fesani makumi anayi.

KUWOKERA

Mizu ya bougainvillea ndi yosachedwa kuthothoka, ndipo apa ndi pamene ambiri amataya mbande zawo. Ng'ambani chubu mosamala, dothi lisagumuke. Wokerani mvula ikadalipo, pa malo a dzuwa, motalikirana mita imodzi. Tchingirani ndi minga chaka choyamba. Nthambi zikatalika, tsinani nsonga kuti chitsamba chichite nthambi zambiri kunsi.

Musawononge feteleza wa mbewu zanu pa chitsambachi. Feteleza ndi madzi zikachuluka chimangochita masamba, maluwa osaoneka. Musachibzale pafupi ndi chigafa, nkhokwe kapena denga la udzu, chifukwa chimayanga ndi kuphwasula udzu. Ndipo wina akakupatsani lantana kuti mubzale mpanda, kanani. Lantana amafalikira m'minda ndi m'malo odyetsera ziweto, ndipo masamba ake amadwalitsa ng'ombe.

Inu matenanti, yambani mwagwirizana ndi eni esiteti za malo obzalapo. Ntchito yonseyi ndi ya madzulo, mutaweruka kumunda. Isasokoneze nazale kapena kupalira.

Yang'anani lero pakhomo pa mnansi wanu amene ali ndi chitsambachi. Akamadzadulira, mukapemphe nthambi asanazitenthe.