Mmene makompyuta akale ankayimbira nyimbo za Strauss ndi Grieg

Nyimbo ya "The Blue Danube" ya Johann Strauss II idapekedwa kuti iziyimbidwa ndi gulu lalikulu la oyimba okhala ndi zida zosiyanasiyana. Koma m'chaka cha 1983 ana a ku Britain ankayimva ikutuluka m'kabokosi kakuda kotchedwa ZX Spectrum, kompyuta yam'nyumba yomwe inkatulutsa liwu limodzi lokha pa nthawi imodzi. Nyimboyi inkalira poyambira pa masewera a Manic Miner, ndipo wosewera akalowa mkati ankaperekezedwa ndi "In the Hall of the Mountain King" ya Edvard Grieg wa ku Norway.

Opanga masewera ankathamangira nyimbo zakalezi pa zifukwa ziwiri. Choyamba, eni ake adamwalira kalekale, choncho malamulo a umwini wa luso sankaletsanso aliyense kuzigwiritsa ntchito. Chachiwiri, masewera ambiri ankalembedwa ndi munthu mmodzi yemwe sadali wopeka nyimbo, ndiye kunali kwapafupi kutenga nyimbo yodziwika kale n'kuyisandutsa manambala.

Kujambula oyimba enieni kunali kosatheka. Commodore 64, yomwe idatuluka m'chaka cha 1982, inali ndi malo osungira zinthu okwana makilobayiti 64 okha, pamene nyimbo imodzi ya mphindi zitatu pafoni ya masiku ano imadya malo oposa amenewa maulendo 40. Choncho kompyuta sinkasunga mawu ayi, koma malangizo: liwu liti lilire, litalike bwanji, ndipo lizimirire motani.

Chomwe chidatchukitsa Commodore 64 ndi kachipangizo ka mawu kotchedwa SID, kopangidwa ndi Bob Yannes. Kankatulutsa mawu atatu nthawi imodzi. Apa ndi pomwe panagona luso lonse, chifukwa wokonza nyimbo ankayenera kusankha zoti asunge ndi zoti ataye. Kawirikawiri liwu limodzi linkanyamula mang'ombe a nyimbo, lachiwiri besi, ndipo lachitatu linkagwira ntchito zotsala. Pofuna kuti mawu atatu ogwirizana amveke ngati akulira pamodzi, akatswiriwa ankawaliza mosinthanasinthana pa liwu limodzi, kufika maulendo 50 pa sekondi, mpaka khutu n'kunyengeka. Ng'oma nayo inkabwereka liwu la besi kwa kanthawi kochepa n'kulibweza. Mfuti ikalira m'masewera, nthawi zambiri liwu limodzi la nyimbo linkayamba lakhala chete.

Nyimbo za m'mafilimu zidalowanso m'bwaloli. Masewera a Ghostbusters a 1984 ankayamba ndi nyimbo ya Ray Parker Jr. ya mufilimu ya dzina lomwelo, mawu ake akuoneka pasikirini kuti osewera aziyimba nawo. Rob Hubbard wa ku England, mmodzi mwa akatswiri otchuka pa SID, adabwereka chigawo cha nyimbo ya Ryuichi Sakamoto ya mufilimu ya Merry Christmas, Mr. Lawrence pokonza nyimbo ya International Karate m'chaka cha 1986. M'masewera a Elite pa Commodore 64, chombo cham'mlengalenga chikamakocheza pasiteshoni pankamveka "The Blue Danube", potsanzira filimu ya 2001: A Space Odyssey ya 1968.

Lero nkhawa ili pa kusunga ntchitoyi. Kampani ya Commodore idagwa m'chaka cha 1994, tizipangizo ta SID tidasiya kupangidwa, ndipo makaseti ndi madisiki omwe ankasungira masewerawa akuwonongeka ndi ukalamba. Kuyambira 1996, anthu ongodzipereka akhala akusonkhanitsa nyimbozi m'nkhokwe ya pa intaneti yotchedwa High Voltage SID Collection, momwe tsopano muli nyimbo zoposa 50 000. Pali mapulogalamu otsanzira SID omwe amaziliza pa makompyuta atsopano, ngakhale okonda nyimbozi amati kachipangizo kenikeni kali ndi kamvekedwe kakekake.

M'chaka cha 2019, mumzinda wa Hull, kwawo kwa Hubbard, gulu lalikulu la oyimba lidachita konsati ya 8-Bit Symphony. Nyimbo zomwe zidapekedwera mawu atatu a Commodore 64 zidayimbidwa ndi mavayolini, malipenga ndi ng'oma zenizeni.