MMISIRI WOMANGA MASAMBA A PA INTANETI

Makolo ambiri a m'midzi ali ndi ana amene anatsiriza sukulu napita kukakhala ku Lilongwe. Ena mwa ana amenewa akafunsidwa za ntchito yawo amayankha kuti, "Ndimapanga mawebusaiti." Akafunsidwanso kuti bwana wawo ndani, amati alibe bwana. Pamenepo makolo amada nkhawa, poganiza kuti mwana wawo ndi lova amene achita manyazi kuulula. Mwezi uno tifuna kufotokoza za ntchito imeneyi, kuti makolo aidziwe, kuti aphunzitsi athe kulangiza ana a sukulu, ndiponso kuti magulu a alimi, mipingo ndi masukulu amene afuna kulemba mmisiri wotere asataye ndalama zawo pachabe.

WEBUSAITI N'CHIYANI?

Webusaiti ndi masamba a mawu ndi zithunzi amene munthu angathe kuwerenga pa foni kapena pa kompyuta ali kulikonse pa dziko lapansi. Masambawo sakhala m'foni mwanu ayi. Amasungidwa m'kompyuta ina yotchedwa seva, imene siizimitsidwa usana ndi usiku. Mukalemba dzina la webusaiti pa foni yanu, foniyo imatumiza pempho kwa seva, ndipo seva imakubwezerani tsamba limene mwapempha.

Nzeru imeneyi si yakale. Mngelezi wina dzina lake Tim Berners-Lee anaiganiza mu 1989, ali pa ntchito ku CERN, malo a akatswiri a sayansi pafupi ndi mzinda wa Geneva ku Switzerland. Webusaiti yoyamba inaonekera kwa anthu onse mu 1991, ndipo mu 1993 a ku CERN analengeza kuti aliyense angathe kugwiritsa ntchito nzeruyo kwaulere. Chifukwa chake lero mnyamata kapena mtsikana wa ku Kawale angathe kumanga webusaiti osapempha chilolezo kwa munthu wa ku Ulaya.

Webusaiti iliyonse ifuna zinthu zitatu. Choyamba ndi dzina, limene amisiri amalitcha domain. Maina a dziko lathu amathera ndi .mw, monga a ku Zambia amathera ndi .zm ndipo a ku Mozambique ndi .mz. Chachiwiri ndi malo pa seva, amene amalipiridwa lendi monga nyumba ya m'tauni. Chachitatu ndi masamba enieniwo, ndipo kuwamanga ndiyo ntchito ya mmisiri wathu.

ZIMENE MMISIRI AYENERA KUDZIWA

Kompyuta simva Chichewa kapena Chingelezi. Ili ndi zilankhulo zakezake zimene mmisiri ayenera kuphunzira. Cha HTML chimauza foni kuti apa pali mutu wa nkhani, apa pali chithunzi, apa pali mndandanda wa mitengo ya katundu. Cha CSS chimalongosola maonekedwe, ndiko kuti mtundu, kukula kwa zilembo ndi malo a chinthu chilichonse. Cha JavaScript, chimene chinapangidwa mu 1995, chimachititsa kuti tsamba liyankhe munthu akalidina. Palinso zilankhulo zina, monga PHP, zimene zimagwira ntchito mkati mwa seva, kusunga maina ndi ziwerengero ndi kuzitulutsa pamene zifunika. Amisiri ambiri amafupikitsa ntchito pogwiritsa WordPress, chida chaulere chimene chinatuluka mu 2003, chimene chimalola mwini webusaiti kusintha yekha mawu ndi zithunzi.

Koma kudziwa zilankhulo kokha sikukwanira. Amalawi ambiri amene amafika pa intaneti amafikapo ndi foni, ndipo amagula bandulo yaing'ono. Tsamba lodzaza ndi zithunzi zolemera limachedwa kutseguka, limadyanso bandulo ya wowerenga, ndipo iye amalitseka asanaone kanthu. Mmisiri wabwino amadziwa kupeputsa tsamba. Ayeneranso kudziwa njira zimene anthu athu amalipirira, monga Airtel Money imene inayamba mu 2012 ndi TNM Mpamba imene inayamba mu 2013, pakuti ogula ambiri alibe buku ku banki. Pamwamba pa zonsezi ayenera kukhala womvetsera. Mwini golosale kapena mphunzitsi wamkulu sadziwa mawu a umisiri, angonena zimene zimvuta, ndipo ndi mmisiri amene ayenera kuzindikira chimene chifunika.

KUMENE AMAPHUNZIRA

Ena amaphunzira m'masukulu a ukachenjede, monga ku Zomba, ku Mzuzu, ku MUBAS ku Blantyre, imene kufikira 2021 inali kutchedwa Polytechnic, ndi ku MUST ku Thyolo, imene inatsegulidwa mu 2014. Ena amapita ku NACIT, sukulu ya Boma yophunzitsa za makompyuta. Ambirinso amadziphunzitsa okha usiku powerenga maphunziro aulere a pa intaneti, ndi pofunsa anzawo amene anayamba kale.

Umisiri wa makompyuta si wachilendo mu Lilongwe. Mu 2001 bungwe la Baobab Health linayamba kuika makompyuta olembera odwala pa chipatala chachikulu cha mumzindawu, chimene tsopano chitchedwa Kamuzu Central Hospital, ndipo Amalawi anaphunzira zambiri pa ntchitoyo. Pambuyo pake Mayi Rachel Sibande anatsegula mHub, malo oyamba m'dziko muno osonkhanirako achinyamata a luso la makompyuta, ndipo anaonetsa kuti ntchitoyi ndi ya akazi omwe.

MOYO WA WODZILEMBA YEKHA NTCHITO

Mmisiri amene tikunena pano sanalembedwe ndi kampani. Amatenga ntchito imodziimodzi, monga amachitira kalipentala kapena telala. Ofesi yake ndi chipinda cha lendi ku Biwi, ku Chinsapo, ku Area 23, ku Mgona kapena ku Area 25, kumene nyumba ndi zotsikirapo mtengo. Zida zake ndi laputopu, foni ndi bandulo. M'mawa amakwera minibasi kapena kabaza kukaonana ndi omupatsa ntchito: eni masitolo a ku Old Town, mabungwe a ku City Centre, makampani a ku Kanengo, masukulu a eni ake, mipingo, ndi eni nyumba zogona alendo za ku Salima. Ntchito zambiri zimabwera chifukwa wina amene anakhutira anauza mnzake. Ena amafunanso ntchito kunja kwa dziko kudzera pa misika ya pa intaneti monga Upwork ndi Fiverr, koma kumeneko amapikisana ndi amisiri a ku India, ku Pakistan ndi ku Nigeria, ndipo wongoyamba kumene amadikira nthawi yaitali asanapeze womukhulupirira.

Ufulu wosakhala ndi bwana ndi wokoma, komatu walira mvula walira matope. Mmisiriyu alibe malipiro a pa mwezi, alibe tchuthi cholipidwa, ndipo akadwala ntchito imaima. Mwezi wina amapeza zambiri, mwezi wotsatira sapeza kanthu, koma mwini nyumba afuna lendi yake mwezi uliwonse. Ayeneranso kukhala ndi nambala ya msonkho ya TPIN yochokera ku MRA, pakuti makampani ndi mabungwe amaifuna asanamulipire.

Pali mavuto atatu amene sali m'manja mwake. Loyamba ndi magetsi. Mu Januwale 2022 namondwe wotchedwa Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, ndipo dziko linasowa mamegawati pafupifupi 130 kufikira mu 2023. M'miyezi imeneyo magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku, ndipo munthu wa kompyuta anayenera kugwira ntchito usiku, kapena kugula sola ndi batire.

Lachiwiri ndi intaneti yeniyeniyo. Dziko lathu silifika ku nyanja yamchere, chotero intaneti yambiri imatifika pa zingwe zodzera m'maiko oyandikana nafe. Pa 12 Meyi 2024 zingwe ziwiri za pansi pa nyanja, EASSy ndi SEACOM, zinaduka, ndipo intaneti inavuta masiku angapo m'maiko a kum'mawa kwa Africa ndi kuno komwe.

Lachitatu ndi ndalama zakunja. Maseva ambiri ali kunja kwa dziko ndipo lendi yake imalipiridwa m'madola a ku America. Mu Novembala 2023 kwacha inachepetsedwa mphamvu, kotero kuti dola imodzi, imene inali pafupifupi K1,180, inafika pa K1,700. Taonani: lendi ya madola 100 imene inali K118,000 inasanduka K170,000 tsiku limodzi. Mmisiri akakuuzani kuti lendi ya chaka chino yakwera, musafulumire kumutcha wakuba. Mupempheni akuonetseni lisiti.

MUKAFUNA KUMULEMBA NTCHITO

Tsopano tilankhule ndi inu a makopaletivi, a makomiti a sukulu ndi akuluakulu a mipingo. Akale anati safunsa anadya phula. Musanatulutse ndalama za gulu, tsatani malangizo awa.

1. Yambani mwadzifunsa ngati webusaiti ifunikadi. Ngati onse amene mufuna kuwauza nkhani ali m'dera lanu lomwelo, gulu la WhatsApp kapena tsamba la Facebook lingakwanire, ndipo mmisiri woona mtima adzakuuzani chomwecho. Koma ngati mufuna ogula mtedza, soya kapena uchi a kutali, webusaiti idzakuthandizani kuti akupezeni ndi kukukhulupirirani.

2. Mupempheni akuonetseni mawebusaiti amene anamanga kale. Atseguleni pa foni yanu, muone ngati atseguka msanga. Funsaninso eni ake ngati anasunga nthawi.

3. Lembani pangano pa pepala. Linene chiwerengero cha masamba, tsiku lotsiriza ntchito, mtengo wonse, ndi amene adzapereka mawu ndi zithunzi. Mbali zonse ziwiri zisaine pamaso pa mboni.

4. Musalipire ndalama zonse poyamba. Perekani gawo lina ntchito isanayambe, ndipo zotsala mupereke mutaona ntchito yatha. Koma ikatha lipirani msanga, pakuti iyenso ali ndi banja lodyetsa.

5. Dzina la webusaiti lilembetsedwe m'dzina la gulu lanu, osati m'dzina la mmisiri. Ili ndilo langizo lalikulu koposa onse. Amene dzina lake linalembedwa m'kaundula ndiye mwini. Mmisiri akasamukira ku Johannesburg, kapena mukayambana naye, gulu limene silinasamale zimenezi limatsala manja lende, ngakhale dzinalo linasindikizidwa kale pa matumba ndi pa zikwangwani.

6. Mawu achinsinsi otsegulira webusaiti asungidwe ndi anthu awiri a komiti, monga mlembi ndi msungichuma. Musawalembe pa khoma kapena kuwatumiza kwa gulu lonse.

7. Kumbukirani kuti dzina ndi malo a pa seva zimalipiridwa chaka ndi chaka. Mukaleka kulipira webusaiti imazima, ndipo patapita nthawi munthu wina angathe kugula dzina lanu. Ikani ndalama imeneyi pa ndondomeko ya chuma cha gulu.

Dziwaninso kuti Boma linaika malamulo pa zinthu izi. Lamulo la 2016 la zochitika pa intaneti linena kuti kulowa m'kompyuta ya wina popanda chilolezo ndi mlandu. Mu 2024 linayamba kugwira ntchito lamulo lina loteteza mbiri ya munthu, monga dzina lake ndi nambala yake ya foni. Sukulu imene ifuna kuika zithunzi za ana pa webusaiti iyambe yapempha makolo awo.

MAWU KWA MAKOLO NDI APHUNZITSI

Makolo, mwana wanu akanena kuti amapanga mawebusaiti, pali njira yapafupi yodziwira zoona. Muuzeni atsegule pa foni ntchito imene anamanga, akuuzeninso mwini wake. Ngati ali nayo yoonetsa, ndiye mmisiri, ndipo ayenera ulemu umene mumapatsa womanga nyumba. Mulangizeni kusunga ndalama za mwezi wabwino kuti zimuthandize mwezi woipa, ndiponso kusunga pangano ngakhale ntchito ikhale yaing'ono, pakuti wodzilemba yekha ntchito amadya mbiri yake.

Aphunzitsi, ana amene afuna umisiri umenewu alimbikire masamu ndi Chingelezi, pakuti maphunziro ake ambiri analembedwa m'Chingelezi. Aphunzitseninso kulemba Chichewa chomveka bwino. Masamba a m'chilankhulo chathu akali ochepa kwambiri pa intaneti, ndipo alimi afuna kuwerenga za mitengo ya mbewu ndi za matenda a ziweto m'mawu amene amva. Werengerani ana a makalasi apamwamba nkhani iyi, atsikana ndi anyamata omwe, ndipo mukatha mupatse a komiti ya sukulu kuti nawonso aione.