Kutentha kofotetsa chimanga ku Zemba ndi komwe kukupha makorali ku Mozambique

Pa 29 Febuluwale 2024, Pulezidenti wa Zambia Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chasanduka tsoka la dziko lonse. Mwa mahekitala 2.2 miliyoni a chimanga amene alimi anabzala, pafupifupi 1 miliyoni anali atapserera m'minda, ndipo chigawo cha Kum'mawa sichinapulumuke. Pa 15 Epulo chaka chomwecho, bungwe la NOAA la ku America linalengeza kuti makorali akuyera ndi kufa m'nyanja zazikulu za dziko lapansi, kachinayi chiyambire akatswiri kulondoloza vutoli. Nkhani yoyamba inamveka pakhomo lililonse ku Zemba m'boma la Chadiza, pomwe yachiwiri inapita ngati ya eni nyanja. Komatu nkhanizi gwero lake ndi limodzi, ndipo mlimi wa ku Chadiza, ngakhale sanaonepo madzi amchere, ali ndi chifukwa chotcherera khutu ku zimene zikuchitika pansi pa nyanja ya Indian.

Makorali amene tili nawo pafupi ali kwa anansi athu a ku Mozambique. Njanji yochoka ku Chipata kudzera ku Mchinji imakathera padoko la Nacala, ndipo gombe la kumpoto kumeneko, mpaka kumtsinje wa Ruvuma, ndilo lili ndi matanthwe ambiri a makorali. Pagombe la Cabo Delgado pali zilumba 32 za Quirimbas, zina mwa izo zili m'malo otetezedwa amene boma la Mozambique linakhazikitsa mu 2002. Munthu akavala magalasi osambirira n'kuyang'ana pansi pa madzi oyera a kumeneko amaona miyala ya nthambi, ina yophwathalala, ina yobulungira, yofiirira, yobiriwira, yachikasu, ndipo pakati pake pakuyenda nsomba zamawangamawanga, akamba a m'nyanja, nkhanu ndi nkhono. Ambiri amaiyesa miyala wamba kapena zomera, koma ndi nyumba za tinyama tofewa tokhala ndi kamwa lozunguliridwa ndi timanja. Monga mmene chiswe chimaunjikira dothi mpaka kukhala chulu, tinyamati timatenga laimu m'madzi n'kumanga tizipinda tolimba, m'badwo wina pamwamba pa unzake, kwa zaka masauzande. Tanthwe lalikulu koposa, la Great Barrier Reef ku Australia, ndi lotalika makilomita 2,300. Matanthwe onse a padziko sakwana ngakhale gawo limodzi mwa magawo 100 a pansi pa nyanja, koma amasunga pafupifupi mtundu umodzi mwa mitundu inayi iliyonse ya zamoyo za m'nyanja.

Mphamvu ya kanyamaka ndi kufooka kwake zagona pamalo amodzi. M'thupi mwake mumakhala ndere zosaoneka ndi maso, zimene zimapanga chakudya ndi kuwala kwa dzuwa n'kupatsa kanyamako gawo lalikulu la zimene kamadya. Nderezo ndizonso zimapatsa korali mtundu wake. Madzi akatentha kuposa mwa nthawi zonse ndi digiri imodzi yokha kwa masabata angapo, ndere zimayamba kutulutsa zinthu zovulaza, ndiye kanyama kamazilavula. Chotsala ndi thupi loonekera mkati ndi laimu woyera mbee. Korali woyerayo sanafe, ali ndi njala. Madzi akazizira msanga ndere zimabwerera, koma kutentha kukapitirira amafa, ndipo tanthwe limakutidwa ndi udzu wa m'nyanja kenako n'kuyamba kugumuka. Nsomba zimene zinkaswana ndi kubisala m'mapangamo zimachepa, ndipo gombe limataya chotchinga chake, chifukwa tanthwe lamoyo limaswa mafunde asanafike kumidzi. Anthu a pachilumba cha Ibo ku Quirimbas, amene namondwe Kenneth anawagwetsera nyumba mu Epulo 2019, amadziwa kuti chotchinga chotere si nkhani yokongoletsa gombe chabe.

Nanga zikukhudzana bwanji ndi munda wa ku Zemba? Nyanja zimameza pafupifupi magawo 90 mwa 100 a kutentha kowonjezereka kumene mpweya wa malasha, mafuta ndi nkhalango zotenthedwa ukutsekera padziko. Pamwamba pa kutentha kokwera pang'onopang'onoku pamabwera El Niño, pamene madzi a kum'mawa kwa nyanja ya Pacific atentha kwambiri n'kusokoneza kayendedwe ka mphepo ndi mitambo kutali kwambiri. Kum'mwera kwa Africa, El Niño kawirikawiri amadula mvula pakati pa dzinja, chimanga chili pafupi kumasula, ndipo panthawi yomweyo amatenthetsa madzi a nyanja ya Indian. Zinatero mu 2015 ndi 2016, zinateronso mu 2023 ndi 2024, pamene madzi a ku Kariba anaphwera mpaka magetsi kumathima pafupifupi tsiku lonse. Korali ndiye amayamba kuonetsa poyera kutentha kumene ife sitikuona, chifukwa sangathawe ndipo sapirira.

Wina anganene kuti mu 1998 makorali anafa kwambiri, pafupifupi magawo 16 mwa 100 padziko lonse, kumpoto kwa Mozambique kuphatikizapo, koma chilala chimene anthu ankaopa kuno sichinafike pamlingo umene chinayembekezereka. Zimenezi n'zoona, ndipo n'chifukwa chake palibe amene ayenera kusankha mbewu potengera makorali. Za mvula ya chaka chino tizimvera a zanyengo ndi alangizi a zaulimi. Zimene makorali akutiuza ndi za zaka zambiri. Great Barrier Reef inayera mu 1998 ndi mu 2002, kenako mu 2016, 2017, 2020, 2022 ndi 2024. Onani mmene mipata ikucheperamo, pomwe tanthwe lovulala limafuna zaka khumi kapena kuposerapo kuti lichire. Onaninso kuti 2022 sichinali chaka cha El Niño, kutanthauza kuti chaka wamba cha masiku ano chikutentha ngati chaka choipa cha kale. Banja limene likuganiza zobwerera ku mapira, chinangwa ndi mbatata pambali pa chimanga, kapena zokumba chitsime kudimba, likuyankha uthenga womwewo. Lipoti la akatswiri a zanyengo a bungwe la IPCC la mu 2018 linati dziko likatentha ndi madigiri 1.5, makorali 70 mpaka 90 mwa 100 alionse adzatha, ndipo likafika madigiri 2, adzatsala osakwana mmodzi pa 100.

Winanso angati mlandu suli pa ife, popeza utsi wochuluka ukuchokera kumaiko olemera. Ine ndikuvomera, ndipo ndikuona kuti ichi n'chifukwa chachikulu choti tidziwe nkhaniyi, pakuti msodzi wa ku Ibo ndi mlimi wa ku Zemba akulipira ngongole imene sanakongole, ndipo atsogoleri athu akamapita kumisonkhano ya zanyengo ayenera kunyamula madandaulo onse awiri ngati amodzi. Komabe kumtunda kuno sikuti tilibe gawo. Makorali amafuna madzi oyera kuti ndere zawo zione dzuwa, n'chifukwa chake gombe la pakati la Mozambique, kumene Zambezi amathira matope ake, lili ndi mitengo ya m'matope m'malo mwa matanthwe. Dothi lokokoloka m'mapiri odulidwa mitengo ya makala limathera kunyanja, ndipo mlimi amene walitaya ndiye woyamba kuluza. 

Za alendo okaona makorali, ndalama zawo zimathandiza kulipira alonda ndi kupatsa ntchito achinyamata a m'gombe, malinga ngati sakuponda matanthwe, kuthyola zidutswa kapena kuponyapo nangula. Koma ndalama za alendo n'zosadalirika, monga zaonekera ku Cabo Delgado kumene nkhondo imene inayamba mu 2017 inathamangitsa ambiri. Chodalirika kwambiri ndi malamulo amene eni malo amadziikira. Ku Andavadoaka ku Madagascar, asodzi anayamba mu 2004 kutseka mbali ya tanthwe kwa miyezi ingapo kuti zamoyo zikule, ndipo njirayi yafalikira m'magombe ena, a ku Mozambique omwe. Kutseka kotere sikuziziritsa nyanja, koma kungathandize kusunga nsomba zodya udzu zimene zimayeretsa tanthwe loyera kuti timakorali tatsopano tipeze pomera. Achewa sangadabwe nayo njirayi, chifukwa pachilumba cha Mbenji ku Salima, a Mfumu Makanjira akhala akutseka usodzi nyengo ya mvula kuyambira m'zaka za m'ma 1950, ndipo asodzi amawamvera mpaka lero.