Wailesi ya M'galimoto Ikakomoka

Unali mwezi wa Okutobala, nyengo ya dzuwa loswa mtengo kuno ku Malambo. Alamu anga, amene amaphunzitsa pa sukulu ina m'boma la Mambwe, anali atangogula galimoto yao yoyamba, yogwirapo kale ntchito ku Japan. Ndalama zake anasonkhanitsa zaka zinai, zina anachita kukongola. Tsiku lina batire linatha mphamvu, ndipo mnyamata wina wa pa Mfuwe analichotsa naikamo lina. Injini inalira bwino lomwe, koma sikirini ya wailesi inangoti mbuu, kenaka inalemba mau a Chijapani. Nyimbo zinaleka, nkhani zinaleka, ndipo kamera yoonetsa kumbuyo nayonso inafa.

Madzulo ake, pobweza galimoto chambuyo pabwalo la nyumba, alamuwo anayang'ana pa sikirini monga anazolowerera, osacheuka. Mlongo wanga ndiye anakuwa ali pakhonde. Mwana wao wa zaka ziwiri anali kusewera kuseri kwa galimoto. Buleki inagwira patatsala mkono umodzi wokha. Usiku umenewo nsima inagona m'mbale.

Si wailesi wamba

Wailesi za m'magalimoto akale zinali za mabatani awiri, lokweza mau ndi losakira siteshoni. Za masiku ano ndi kompyuta yaing'ono. M'kabokosi kamodzi muli wailesi, mapu, wotchi, njira yolumikizira foni, kamera ya kumbuyo, ndipo m'magalimoto ena ngakhale zowongolera mpweya wozizira. Zonsezi zimayenda ndi pulogalamu, ndiye kuti malangizo olembedwa ndi anthu ouza makinawo chochita. Pulogalamu ikakumana ndi chinthu chimene olembawo sanachiganizire, imasokonezeka. Sikirini imaima pamodzimodzi, kapena imazima ndi kuyakanso kosalekeza, kapena imangoda bii.

Tisaganize kuti zotere zimagwera ife a kumudzi tokha. Kumayambiriro kwa chaka cha 2022, siteshoni ya wailesi ya KUOW mumzinda wa Seattle ku America inatumiza pamodzi ndi mau ake tizithunzi topanda chizindikiro chonena mtundu wake. Mawailesi a m'magalimoto ena a Mazda opangidwa pakati pa 2014 ndi 2017 analephera kutiwerenga. Anakanirira pa siteshoni yomweyo, ena akuzima ndi kuyaka osaleka, mpaka anafunika kusinthidwa chipangizo. Pa 1 Januwale chaka chomwecho, mawotchi a m'magalimoto ambiri akale a Honda ndi Acura anabwerera ku chaka cha 2002. Mu 2021 kampani ya Tesla inaitanitsa magalimoto pafupifupi 135,000 chifukwa kachipangizo kosunga pulogalamu kanali kutha, monga limathera tsamba la kope lofufutidwa kawirikawiri. Mu 2025 kampani ya Ford inaitanitsa magalimoto oposa 1 miliyoni chifukwa chithunzi cha kamera ya kumbuyo chinkachedwa, kusowa, kapena kuima. Chithunzi choima ndicho choopsa koposa, pakuti chimaonetsa bwalo lopanda munthu pamene mwana wafikapo kale.

Mlendo wa ku Japan m'chigwa cha Luangwa

Magalimoto ambiri amene mabanja a m'Zambia amagula ndi ogwirapo kale ntchito ku Japan, ndipo ochuluka amatsikira pa doko la Dar es Salaam nalowera pa Nakonde. Mawailesi ake anapangidwira dziko la Japan lokha. N'chifukwa chake wotchi yake imatsogola ndi maola 7, ndipo mapu ake sadziwa Chipata, Jumbe kapena Msoro. Mau a mayi wa Chijapani amene amamveka mukangoliza injini si chenjezo la ngozi ai. Kawirikawiri amachokera m'kabokosi kolipirira misewu ya kwaoko, kodandaula kuti mulibe khadi lake.

Ndiponso mawailesi akale a ku Japan amagwira FM kuyambira pa 76 kulekeza pa 90, pamene kuno masiteshoni amaulutsa pakati pa 87.5 ndi 108. Choncho wailesi yosagwira siteshoni imene mumaikonda sinaonongeke. Imangofuna kachipangizo kotchedwa band expander, kamene amakaniko amalumikiza pa waya wa mlongoti. Kakaikidwa, nambala yooneka pa sikirini siifanana ndi imene aulutsi amatchula, ndipo zimenezi zisakudetseni nkhawa.

Chimene chinagwera alamu anga n'chinanso. Mawailesi ambiri a ku Japan amasunga mbali ina ya pulogalamu yao pa kakhadi ka SD kapena pa chimbale cha mapu. Batire likadali lolumikizidwa, wailesi imakumbukira zonse ngakhale kakhadiko kalibemo. Magetsi akangodulidwa imaiwala, ndipo imafuna kuwerenganso pa kakhadiko. Ikapanda kukapeza imalemba mau a Chijapani aja n'kukhala chete. Ena amafunsa nambala yachinsinsi, imene inaikidwa pofuna kukhumudwitsa akuba. Galimoto ya alamu anga inafika kakhadi kake katasowa kale m'njira, ndipo palibe anadziwa mpaka tsiku losintha batire. Kunena zoona, chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere.

Adani a m'chigwa muno

Mdani woyamba ndi kutentha. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha m'chigwa muno kumapitirira madigiri 40, ndipo m'galimoto yotsekedwa yoima padzuwa mumatentha koposa pamenepo. Kompyuta ikatentha kwambiri imayamba ulesi kapena kudzizimitsa yokha. Mthunzi wa mtengo, kapena katoni yophimba galasi la kutsogolo, ndi mankhwala osalira ndalama.

Wachiwiri ndi msewu. Mukangopatuka pa tala ya Chipata ndi Mfuwe kulowera kumidzi, mabampu amagwedeza mapulagi a kuseri kwa wailesi mpaka kukhwefuka, fumbi limalowa modyera zimbale, ndipo m'dzinja chinyezi chimadyetsa mawaya dzimbiri.

Wachitatu, amene ambiri samuganizira, ndi batire lofooka. Batire labwino limaonetsa mavoti pafupifupi 12.6 injini itazima, ndipo pakati pa 13.5 ndi 14.5 injini ikulira. Kutentha kumakalambitsa batire msanga. Mphamvu ikatsika poliza injini, wailesi imazima n'kuyambanso, mwini wake n'kumaitukwana pamene wolakwa ndi batire kapena mitu yake yadzimbiri. Kulumikiza mawaya mopingasa pobwereka moto kwa galimoto ina, ndiponso kuwotcherera chitsulo pa galimoto batire lisanamasulidwe, kumatha kupsereza makinawo kotheratu.

Zoyenera kuchita

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Sikirini ikakomoka muli pa ulendo, musalimbane nayo galimoto ikuyenda. Pa liwiro la makilomita 60 pa ola, kuyang'ana kumbali kwa masekondi atatu okha ndiye kuti mwayenda mamita 50 osaona. Pa msewu wa ku Mfuwe mamita amenewo akhoza kukhala ndi mwana wa sukulu, wanjinga wonyamula makala, kapena njovu yodutsa kukafuna mango. Patukani kaye, muime.

Mukaima, yambani ndi zosavuta. Zimitsani injini, chotsani kiyi, tsegulani chitseko, ndipo dikirani mphindi zingapo kuti makina onse agone. Zulani fulashi ya nyimbo ndi kudula foni, pakuti nyimbo imodzi yokopedwa molakwika, kapena foni yosagwirizana ndi wailesiyo, ndi zokwanira kuisokoneza. Mawailesi ambiri amayambanso mwatsopano mukakanikiza batani loyatsira kwa masekondi ngati khumi, ndipo ena ali ndi kabowo kakang'ono kotosa ndi waya wa phini. Zikakanika, yang'anani fyuzi ya wailesi, ndipo ngati yapsa ikanimo ya nambala yofanana. Kumanga fyuzi ndi waya kapena kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya ndi kuitana moto.

Kumasula batire kukhale komaliza, ndipo musanatero tsimikizani kuti kakhadi kalimo ndi kuti nambala yachinsinsi mukuidziwa. Mau a Chijapani asakuopseni. Ajambuleni ndi foni, popeza mafoni ambiri a masiku ano amatha kumasulira zolembedwa pa chithunzi, ndipo mwana wanu wa ku sekondale akhoza kukuthandizani. Ngati pulogalamu ikukonzedwa kapena kuikidwa yatsopano, musazimitse galimoto ntchitoyo ili pakati, ndipo musalole kuikamo pulogalamu yosadziwika kumene yachokera.

Popita kwa makaniko, funani wodziwa za magetsi a galimoto, ngakhale zitatanthauza ulendo wa makilomita oposa 100 kukwera ku Chipata. Muuzeni bwino lomwe: vuto linayamba liti, limabwera kukatentha kapena pa mabampu, ndipo n'chiyani chinasinthidwa lisanayambe. Ambiri amasankha kuchotsa wailesi ya Chijapani ndi kuikamo ina yolemba Chingerezi. Si kulakwa, koma umirizani kuti agwiritse ntchito pulagi yoyenera galimotoyo, osati kudula mawaya. Ena mwa mawaya amenewo amanyamula mauthenga pakati pa makompyuta ena a m'galimoto, ndipo wailesi yolumikizidwa molakwa imatha kumwa batire usiku wonse.

Kwa amene akufuna kugula galimoto, kumbukirani kuti safunsa anadya phula. Musanalipire, funsani ngati kakhadi kapena chimbale cha mapu chilimo, yesani kamera, ndipo lembani nambala ya mtundu wa wailesiyo pa pepala losungidwa pamodzi ndi makalata a galimoto. Nambala imeneyo ndiyo idzakuthandizani kupeza kakhadi koyenera tsiku la vuto.

Maso sanalowedwe m'malo

Alamu anga anapeza kakhadi kena patapita milungu itatu, ndipo wailesi inadzuka. Koma m'nyumba mwao munakhazikika lamulo limene silinalipo kale. Asanalowe m'galimoto amaizungulira kaye, kusuzumira pansi ndi kumbuyo. Ana amaitanidwa maina, ndipo aliyense amaima pakhonde pamene bambo ao akumuona ndi maso. Pobwerera chambuyo amayang'ana magalasi, kucheuka, kenaka ndiye sikirini.

Owerenga okondedwa, makinawa ndi othandiza ndithu, ndipo palibe chifukwa chowaopera. Koma anapangidwa ndi anthu, kutali ndi fumbi ndi dzuwa la kwathu kuno, ndipo tsiku lina adzakomoka osatsazika. Tsiku limenelo likupezeni muli ndi chizolowezi chocheuka.