Agogo akatopa, mchimwene wathu akhala ndi ndani?

Foni inalira 5 koloko isanakwane. Anali mayi aakulu a ku Chileka, ndipo sanapereke n'komwe moni. "Agogo ako agwa pochokera kumjigo. Mwendo wathyoka." Ndinafunsa ngati apita nawo kuchipatala, iwo anati inde. Kenaka tonse tinangoti zii pafonipo. Aliyense ankadziwa funso lotsatira koma palibe ankafuna kuliyamba: nanga mchimwene wathu uja watsala ndi ndani pakhomo?

Mchimwene wangayu ndi mwana wa malemu mayi aang'ono. Ali ndi zaka 19, ndi wamtali kundiposa, koma pa zinthu zambiri amafunika womuyang'anira ngati mwana wa ku pulayimale. Anabadwa bwinobwino. Ali ndi zaka 4 anadwala malungo aakulu, aja ogwira ubongo, n'kukomoka masiku angapo. Atatsitsimuka anali atasintha. Mawu anachepa, sukulu inakanika, ndipo patapita miyezi anayamba kugwa khunyu. Mayi ake atamwalira, agogo ndiwo anamutenga kumudzi kwathu ku Lirangwe, ndipo kwa zaka zonsezi tonse tinkangoti "ali kwa agogo" ngati kuti agogowo sakalamba.

Msonkhano wa pa WhatsApp

Usiku womwewo gulu lathu labanja la pa WhatsApp linatentha. Amalume, omwe ndi mwinimbumba koma amakhala ku Johannesburg, anatumiza uthenga wamawu wautali. Mfundo yawo inali imodzi: "Mukamusiye ku Zomba, kuli madokotala ake. Ndalama ya thiransipoti nditumiza." Ena anati kuli bwino tifufuze malo osungirako ana amasiye. Wina anati ine ndimutenge, poti ndine wa m'tauni. Ine ndimachita lendi chipinda chimodzi ndipo ndimachoka m'mawa n'kubwera mdima utagwa. Ndinayankha ndi kachithunzi ka manja opemphera basi, chifukwa mawu ndinalibe.

Chomwe ndinazindikira mochedwa n'chakuti tonse tinkakambirana za komwe tingamuike, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene akanatha kunena zomwe iye amatha kuchita yekha ndi zomwe sangathe. Agogo okha ndiwo ankadziwa, ndipo anali chigonere m'chipatala.

Mayi aakulu ndiwo anabweretsa nzeru. Pokatenga mankhwala a khunyu mwezi umenewo, anafotokozera namwino wina amene anaphunzira za umoyo wa m'maganizo. Namwinoyo anati tisapange chiganizo chilichonse asanamuone mnyamatayo pakhomo pake penipeni. Loweruka lotsatira ndinakwera minibasi, kudutsa pa Lunzu, n'kukatsika pa Lirangwe kuti ndikadzionere ndekha.

Mafunso omwe sitinadzifunsepo

Ndinkayembekeza jekeseni kapena zida zopimira. Anamwinowo anangobwera ndi kope, bolopeni ndi nthawi yokwanira. Anakhala pamkeka pakhonde, n'kuyamba kupereka moni kwa mwini nkhani, osati kwa ife. "Mwadzuka bwanji achimwene? Mbuzi zija n'zanu?" Iye anaseka, n'kuwagwira dzanja kupita nawo kukhola. Ndinachita manyazi. Ine ndikafika ndimafunsa agogo kuti "ameneyu ali bwanji" iye ali pomwepo.

Kenaka anapempha buku lake la kuchipatala n'kuliwerenga tsamba ndi tsamba. Anafunsa kuti amagwa kangati pamwezi, nthawi yanji, ndipo mankhwala amamupatsa ndani. Anatsegula kabotolo n'kuwerenga mapiritsi otsala. Anapezeka kuti ndi ambiri kuposa momwe anayenera kukhalira, kusonyeza kuti chigonekereni agogo, masiku ena sankamwa. Sanatikalipire. Anangolemba.

Atatero anayamba kuona zomwe amatha. Anamupempha kuti avale shati ndi kumanga mabatani. Anatha, ngakhale mochedwa. Kusamba amatha akamukumbutsa. Kudya amadya yekha. Kuchimbudzi amapita yekha masana, usiku amaopa. Anamuonetsa ndalama ya K500 ndi ya K2,000, iye anasankha ya mtundu womwe unamusangalatsa. Anamufunsa njira ya kutchalitchi, analoza molondola. Atamufunsa ya kumsika, analoza kumsewu wa M1, ndipo apa anamwino anaima kulemba n'kutifunsa ngati amawolokapo yekha. Aliyense amene wadutsapo pa Lirangwe akudziwa momwe magalimoto akuluakulu amathamangira pamsewu umenewu.

Anazungulira nyumba yonse. Anayang'ana pomwe amagona, kutalika kwa bedi, chitseko cha bafa, mtunda wopita kumjigo, ndiponso mafuwa a kukhitchini. Pamoto anatsindika kwambiri, chifukwa anthu ambiri odwala khunyu amavulala pogwera pamoto kapena m'madzi. Anatiphunzitsanso kuti akagwa tizimugoneka chammbali, tichotse zinthu zomwe zingamupweteke, ndipo tisamuike sipuni kapena chala m'kamwa. Khunyu si matenda opatsirana, ndipo malovu a munthu wakugwa sangakudwalitseni.

Funso lomaliza linali la ife. "Pa nonsenu, amamvera ndani? Akakwiya amatonthozedwa ndi ndani? Ndipo womusamalayo akatopa, amamupumitsa ndani?" Pa funso lachitatuli panalibe yankho. Agogo anakhala zaka zoposa khumi opanda tsiku lopuma.

Ku Zomba si kwawo kwa munthu

Atamaliza, anatipempha kuti tiwaimbire amalume. Anawafotokozera mwaulemu kuti Zomba Mental Hospital ndi chipatala cha anthu amene akudwala matenda a m'maganizo, komwe munthu amalandira chithandizo n'kubwerera kwawo. Mchimwene wathu si wamisala. Ali ndi ulumali wa kaganizidwe ndi kaphunziridwe womwe unabwera chifukwa ubongo unavulala ali mwana, ndipo kumutsekera muwodi sikungauchotse. Chingangomuchotsera zomwe amadziwa: mbuzi zake, njira ya kutchalitchi, ndi anthu omwe amamva chilankhulo chake chochepacho.

Za malo osungirako ana anatiuzanso kuti iye salinso mwana, ndipo ngakhale akanakhala mwana, banja silingangonyamula mwana n'kukamutula kumalo otere. Nkhani zotere zimadutsa ku ofesi ya boma yoona za chisamaliro cha anthu, potsata lamulo la 2010 losamalira ndi kuteteza ana. Dziko la Malawi linavomerezanso mu 2009 pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali, lomwe limati munthu waulumali ali ndi ufulu wokhala pakati pa anthu anzake ndi kusankha komwe akufuna kukhala. N'chifukwa chake anamwino aja anamufunsanso iye mwini. Yankho lake linali lalifupi: "Kwa agogo."

Pamapeto pake tinagwirizana chonchi. Mchimwene wathu sachoka ku Lirangwe. Mayi aakulu azikhala naye masiku a pakati pa sabata, ine ndi msuweni wanga tizisinthana Loweruka ndi Lamulungu. Ndalama yomwe amalume amafuna kulipirira ulendo wa ku Zomba izibwera mwezi ndi mwezi, izithandiza pa chakudya ndi thiransipoti yokatengera mankhwala. Mapiritsi azimwa nthawi imodzi tsiku lililonse, ndipo womupatsa azichonga pakalendala. Kukhitchini tinatchingako ndi njerwa. Anamwino anati adzaonanso zonse pakatha miyezi itatu, poti zinthu pakhomo zimasintha.

Si ife tokha

Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu 10 pa 100 alionse a zaka 5 kupita m'tsogolo m'Malawi muno ali ndi ulumali wa mtundu wina wake. Mwa iwowa muli a ulumali womwe umayamba mwana akukula, monga cerebral palsy, Down syndrome, autism ndi kuvutika kuphunzira. Zoyambitsa zake zambiri n'zodziwika: mwana kubanika pobadwa, chikasu cha khanda chosathandizidwa msanga, matenda oumitsa khosi, kunyentchera, ndi malungo aakulu. Kafukufuku yemwe anachitikira pa chipatala cha Queen Elizabeth mu Blantyre, n'kusindikizidwa mu 2010, anapeza kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa atatu opulumuka ku malungo ogwira ubongo amatsala ndi khunyu kapena vuto lina la ubongo ndi khalidwe. Down syndrome nayo imabwera chifukwa cha momwe mwana anapangikira m'mimba. Palibe mwa zimenezi chomwe ndi kukhwimira, ngakhale kuti agogo anga anamvapo manong'onong'o oti m'banja mwathu wina anamuika mwanayu m'chizimba cha bizinesi.

Chomwe chinandidabwitsa n'chakuti njira imodzi yodziwika yoyezera kakulidwe ka ana inapangidwira konkuno. Imatchedwa Malawi Developmental Assessment Tool, mwachidule MDAT, ndipo inasindikizidwa mu 2010 ndi Dr Melissa Gladstone ndi anzake. Ili ndi zinthu 136 zoyesa mwana wosapitirira zaka 6 m'magawo anayi: kuyenda ndi kugwiritsa ntchito thupi, kugwira tinthu ndi zala, kulankhula, ndi kukhala ndi anthu. Inapangidwa chifukwa zoyezera za ku Ulaya zinkafunsa mwana wa kumudzi zinthu zomwe sanazionepo. Pano ikugwiritsidwa ntchito m'maiko enanso. Mchimwene wanga akanayezedwa motere atangotuluka m'chipatala, mwina akanayamba msanga mafizo ndi maphunziro apadera.

Kodi ntchito imeneyi mungaigwire?

Ndikudziwa kuti ambiri mwa inu mukuwerenga izi pafoni mukudikira zotsatira za MSCE, kapena muli ndi satifiketi m'chikwama koma simukudziwa kolowera. Tikamva za unamwino timangoganiza za jekeseni ndi kuchipinda chochirira amayi. Koma pali anamwino ena omwe ntchito yawo yaikulu ndi kuona, kufunsa, kulemba ndi kuthandiza banja kupeza malo oyenera munthu wawo.

Khomo lake ndi lomwelo la unamwino wonse. Pamafunika MSCE yokhoza bwino, makamaka Chingerezi, masamu ndi maphunziro a sayansi monga bayoloje. Digiri ya zaka 4 imapezeka ku Kamuzu University of Health Sciences, yomwe inayamba mu 2021 pophatikiza Kamuzu College of Nursing ndi College of Medicine. Dipuloma ya zaka 3 ya unamwino ndi uzamba imapezeka ku Malawi College of Health Sciences komanso m'makoleji a mipingo a pansi pa CHAM, monga St Joseph's ku Nguludi, Malamulo ku Thyolo ndi Mulanje Mission. Mukamaliza mumalemba mayeso a bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi kuti mupeze chiphaso chogwirira ntchito. Ofuna kuzama pa umoyo wa m'maganizo ambiri amapita ku sukulu ya St John of God ku Mzuzu, ndipo bungwe lomwelo la St John of God limathandizanso ana ochedwa kukula mumzindawo.

Namwino wotere sagwira yekha. Amadalira alangizi a zaumoyo, omwe kusikelo ndiwo amayamba kuona mwana amene wachedwa kukhala kapena kuyenda. Amatumiza ena kumafizo, monga ku Kachere Rehabilitation Centre mu Blantyre. Amalumikizana ndi aphunzitsi a maphunziro apadera, omwe ambiri amaphunzira ku Montfort Special Needs Education College ku Chiradzulu, ndiponso ndi a chisamaliro cha anthu, omwe amayendetsa Mtukula Pakhomo. Palinso mabungwe monga PODCAM, la makolo a ana aulumali, FEDOMA, ndi MACODA, lomwe linalowa m'malo mwa MACOHA potsatira lamulo latsopano la 2024 la anthu aulumali.

Sindikunamizani kuti ndi ntchito yofewa. Anamwino ndi ochepa poyerekeza ndi odwala, ena akamaliza sukulu amadikira nthawi yaitali asanalembedwe ntchito, ndipo malo ogonera a akuluakulu a ulumali wotere ndi osowa. Nthawi zambiri namwino amafika pakhomo alibe kwina koti atumize munthu, ndiye amayenera kupeza yankho pa zomwe zilipo: azakhali amodzi, mbuzi zitatu ndi ndalama ya ku Joni. Pamafunika munthu woleza mtima, wodziwa kulankhula ndi amalume okwiya komanso kudikira mnyamata amange batani limodzi kwa mphindi ziwiri osamulanda shatiyo.

Agogo anatuluka m'chipatala patatha milungu isanu, akuyendera ndodo. Tsiku lomwe anafika, mchimwene wanga anathamangira m'nyumba n'kubwera ndi kalendala ija kudzawaonetsa. Masiku onse anali ochongedwa kupatula awiri, ndipo awiriwo anali a Loweruka, tsiku langa. Agogo anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo. "Iwe wa ku yunivesite, kuchonga kokha kukuvute?" Pano ndinaika alamu pafoni, imalira 7 koloko madzulo kulikonse komwe ndili, ndipo ikalira ndimaimba ku Lirangwe kufunsa ngati wamwa.